Ngalande za kwathu: mmene kusaka mabuku kukuyendera

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Komiti ya chitukuko ya dera lathu kuno ku Zomba yandisenzetsa ntchito yosonkhanitsa zolembedwa zokhudza kakonzedwe ka mizinda ndi kamangidwe kosawononga chilengedwe. Tikufuna zinthu ziwiri mvula isanagwe. Choyamba ndi kabuku ka m'Chichewa, kosapitirira masamba 20, kouza munthu amene wagula puloti pamalo otsetsereka kapena kufupi ndi mtsinje wa Likangala zoti aone asanakumbe maziko. Chachiwiri ndi pepala lopempha ngalande, loti tikapite nalo kukhonsolo tili ndi mapu ndi manambala, osati kungokadandaula pakamwa monga takhala tikuchitira.

Ndikuthandizana ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe ali chaka chomaliza cha jogalafe kuyunivesite ku Chirunga. Kafukufuku wake womalizira ndi wa madzi osefukira, ndiye tagawana: iye za pa intaneti, ine za papepala. Chilolezo chowerengera mulaibulale ngati mlendo ndachipeza. Ndinatenga kalata ya komiti yodindidwa ndi a mfumu ndi chiphaso cha unzika. Buku sindingatuluke nalo, koma kukhala pansi n'kumalemba m'kope palibe wondiletsa.

Sabata yachiwiri ya Ogasiti

Amene akufuna kudzagwira ntchito yokonza mapulani a mizinda amakaphunzira ku MUBAS ku Blantyre kapena ku Mzuzu University. Kuno ku Zomba nkhaniyi imalowera ku jogalafe, sayansi ya zachilengedwe, malamulo ndi mbiri yakale. Motero mabuku ake sali pamalo amodzi. Mayi wina wa padesiki yothandiza owerenga anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Bambo, musafunefune mutu umodzi. Tsatani madziwo. Kumene akuchokera kuli shelefu yake, kumene akudutsa kuli ina, kumene akuwononga kulinso ina."

Anandilembera zilembo za pamsana pa mabuku. M'dongosolo la Library of Congress, lomwe malaibulale ambiri a mayunivesite amatsata, mapulani a mizinda amakhala pa HT, cha m'ma 165 mpaka 169. Kajambulidwe ka nyumba ndi NA, kamangidwe kenikeni ndi TH, madzi akumwa, zonyansa ndi zinyalala ndi TD, mitsinje ndi kayendedwe ka madzi ndi GB, ndipo malamulo ndi K. Ukadziwa zilembozi, katalogi imangokuuza kuti buku lilipo, koma phindu lalikulu lili poima pashelefupo n'kumasuzumira mabuku oyandikana nalo.

Za pa HT ndi NA ndaziwerenga ndi mtima wogawanika. Zambiri zinalembedwa ndi anthu a ku Britain ndi America, ndipo zimayambira pamalo apululu: kujambula misewu, kuyala mapaipi, kudula mapuloti, anthu n'kubwera pomalizira. Kwathu anthu anabwera kale, nyumba zinaima, njira ndi ija inatsala pakati pa mipanda iwiri. Buku lotere silikuuza pokumba ngalande pamene mbali ino pali chimbudzi cha wina, mbali inayo khitchini ya wina.

Palinso msampha wa dzuwa. Mabuku a ku Ulaya amati mawindo aakulu ayang'ane kummwera kuti nyumba ifunde. Ife tili cha pa madigiri 15 kummwera kwa equator. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni pamene timafuna kadzuwa m'nyumba, dzuwa limadutsira chakumpoto. Kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale limakhala paliwombo penipeni. Wokopera chithunzi cha m'buku osachitembenuza amanga nyumba yozizira mu Juni. Chimene chikugwira ntchito kwa ife ndi chakuti makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, khoma la kumadzulo likhale lalifupi ndi la mawindo ochepa, chifukwa dzuwa la masana a Okutobala ndi limene limasandutsa chipinda kukhala uvuni. Izi zalowa kale m'kabuku, tsamba limodzi, ndipo padzakhalanso chithunzi.

Pakati pa Ogasiti

Chuma chenicheni chili kugawo la zolembedwa za Malawi, kumene amasunga malipoti a boma ndi kafukufuku wa ophunzira a madigiri. Ndakhala kumeneko masiku onsewa. Kafukufuku wa ophunzira ndi wosiyanasiyana, wina wakupsa wina wamuwisi, koma ndi yekhayo amene amatchula Chikanda, Mpondabwino, Sadzi, Chinamwali ndi Matawale ndi maina awo. Ndaphunzira kuyamba kuwerenga kumapeto, pamene wolemba amandandalika zimene anawerenga. Pamenepo ndi pamene ndinadziwira za lipoti la 2011 la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za mizinda, lofotokoza mzinda wa Zomba, lomwe likupezeka laulere pa intaneti. Ndi lakale tsopano, koma mfundo yake yaikulu sinasinthe: anthu opitirira theka mumzindawu amakhala m'madera amene sanayambe ndi pulani.

Manambala a anthu ndawatenga m'malipoti a kalembera a National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno. Mu 2008 mzinda wa Zomba unali ndi anthu pafupifupi 88,000, ndipo mu 2018 anakwana 105,013. Ndi anthu pafupifupi 17,000 owonjezereka m'zaka khumi. Tikawagawa anayianayi, ndi mabanja opitirira 4,000, ndipo lililonse likufuna denga, chimbudzi ndi potaya madzi otsukira mbale. Poyerekeza ndi Lilongwe kapena Mzuzu, Zomba ikukula pang'onopang'ono. Koma malo ake ndi opanikizika: kumtunda kuli phiri lopitirira mamita 2,000, tauni ili cha pa mamita 900, kumunsi kuli Likangala akuthamangira kunyanja ya Chilwa. Nyumba zatsopano zikukwera mtunda kapena zikutsikira kudambo, ndipo konseko ndi njira ya madzi.

Ophunzira nawonso ali m'nkhaniyi, ngakhale mwana wa mlongo wanga sakonda ndikamanena. Ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, makamaka ku Chikanda, ndipo landilodi aliyense amene anali ndi kabwalo kumbuyo anamangapo zipinda. Pamene panali udzu ndi nthochi pali malata ndi simenti. Madzi amene ankalowa pansi tsopano akutuluka pageti.

Kumapeto kwa Ogasiti

Mbali ya intaneti yayenda msanga kuposa yanga. Malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003 kuti azilipira pamodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti. Palinso Research4Life, yomwe imatsegulira masukulu ndi mabungwe a m'maiko osauka ngati lathu popanda kulipira. Nthambi yake yokhudza chilengedwe ndi OARE, ya zaulimi ndi AGORA, ya zaumoyo ndi Hinari. Kulowa kwake n'kudzera kusukulu, ndipo mawu achinsinsi sabwerekana. Ndinamupempha mnyamatayo kuti andionetse pafoni yanga, iye n'kuseka: "Ankolo, mukufuna andithamangitse nditatsala pang'ono kuvala gauni? Mundiuze zoti ndifufuze, tikawerengere limodzi."

Ndiye tikumakhala pakompyuta imodzi Loweruka m'mawa. Kulemba mawu akuluakulu ngati "sustainable design" kumabweretsa nkhani zikwizikwi za nyumba zagalasi za ku Singapore ndi Dubai. Chothandiza n'kuphatikiza dzina la malo ndi vuto lenileni: Zomba ndi "flood", Likangala ndi "water quality", Malawi ndi "informal settlement", Malawi ndi "burnt bricks". Tikapeza nkhani imodzi yabwino, timaona pa Google Scholar amene anaitchula pambuyo pake, ndipo ulusiwo umatitsogolera wokha.

Magazini amene atipatsa zambiri ndi Environment and Urbanization ndi Habitat International. Kwa munthu wopanda sukulu yomulowetsa, Jàmbá ya ku South Africa, yomwe imalemba za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi yaulere kwa aliyense, ndipo pa African Journals Online palinso zambiri zosafuna ndalama. Pa JSTOR, nkhokwe ya magazini a kafukufuku ya pa intaneti, pali Society of Malawi Journal, yomwe inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal. Ya mbiri ya mizinda yathu muifune mmenemo.

Tapezanso kuti Zomba ndi umodzi mwa mizinda imene UN-Habitat inayeserako njira yake ya CityRAP, yoti khonsolo ndi anthu a m'madera azijambula okha malo angozi n'kusankha choyamba kukonza. Pambuyo pake mzindawu unalowa m'ntchito ya Adaptation Fund, thumba lothandiza maiko pa za kusintha kwa nyengo, pamodzi ndi Chokwe ku Mozambique, Morondava ku Madagascar ndi Moroni ku Comoros. Izi zasintha kalembedwe ka pempho lathu. Sitikupita ngati anthu obweretsa nzeru yatsopano. Tikukanena kuti pulani ya mzinda yolimbana ndi ngozi inatchula kale ngalande, ndipo ife tabweretsa gawo la dera lathu.

Zonse zimene tapeza mnyamatayo akuzisunga mu Zotero, pulogalamu ya pakompyuta yosungira zimene munthu wawerenga. Ine ndikadali ndi kope langa.

Sabata yoyamba ya Seputembala

Ndasiya kaye Chirunga, ndapita ku National Archives. Nkhokwe imeneyi inayamba mu 1947, ndipo malamulo amafuna kuti chilichonse chosindikizidwa m'dziko muno chisiyidweko kope. Mafailo ambiri a boma a zaka zoyambirira anapsa pa moto umene unagwira maofesi a Secretariat mu 1919, choncho za m'mbuyo mwa chakacho n'zochepa. Zapambuyo pake zilipo: Gazette, malipoti a chaka ndi chaka a nthambi ya zomangamanga, mapu.

Ukayala mapu akale pambali pa atsopano, umamvetsa chifukwa chake ngalande zamiyala zili kumene zili. Harry Johnston anakhazika boma lake kuno mu 1891, ndipo tauni inamangidwa motsata phiri: nyumba za azungu kumtunda kozizira, pakati pa mitengo ndi timitsinje, mashopu ndi msika m'munsi mwake, antchito akuda kumunsi kwenikweni ndi kunja kwa malire. Misewu yabwino, makalavati ndi ngalande zinathera pamene panathera nyumba za mabwana. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndi nyumba ya malamulo itatsatira pambuyo pa 1994, ndalama zazikulu za zomangamanga zinapita nawo. Zomba inakhala mzinda mwalamulo mu 2008, koma mafupa ake ndi a tauni yaing'ono ya atsamunda. Madzi amatoleredwa bwinobwino kumtunda, n'kutsanuliridwa kumene mapu akale anasonyeza ngati tchire. Tchire limenelo ndi ife.

Chimene ndinapitira kwenikweni ndi Disembala 1946, pamene mvula yoopsa inagwa paphiri, nthaka n'kugumuka, milatho n'kukokoloka, anthu n'kufa. Akuluakulu amangoti Napolo anadutsa. Achinyamata a m'komiti amayesa kuti zoterezi zinayamba ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ena amakumbukirako madzi a Januwale 2015. Ndikufuna kabukuka kayambe ndi 1946, kuti wowerenga aone kuti khwawa louma limene akufuna kumangamo linakumbidwa ndi madzi, ndipo mwini wake amabwerera. Pa za miyala ndi kugumuka kwa nthaka, Geological Survey Department ili konkuno ku Zomba, ndipo ndalemba kalata yopempha kukaona mapu awo.

Pakati pa Seputembala

Sabata ya malamulo. Onse ali pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII, aulere, koma Chingerezi chake n'cholimba, moti ndime imodzi ndimaibwereza mpaka mutu kutentha. Physical Planning Act ya 2016 inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, ndipo inachititsa dziko lonse kukhala dera lofuna mapulani, osati matauni okha. Chaka chomwecho kunabwera Land Act ndi Customary Land Act, zomwe zinakonzedwanso mu 2022. Pali Environment Management Act ya 2017, ndondomeko ya dziko ya mizinda ya 2019, ndi masomphenya a Malawi 2063 amene anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Mapepala sakusowa.

Papepala, womanga mumzinda ayenera kupereka pulani kukhonsolo n'kudikira chilolezo, ndipo mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda popanda khonsolo kuvomereza. Pansi pano, puloti imagulidwa kwa mwini munda, mboni ndi a mfumu, malire ndi mtengo wa mango ndi chulu. Olemba kafukufuku ambiri amati limeneli ndi vuto. Ine ndikuona kuti ndi pomwe pali khomo. Munthu wogula malo sapita kulaibulale, ndipo kawirikawiri kukhonsolo amapita nyumba itafika kale pawindo. Koma kwa a mfumu sadumphako.

Tinapita ndi wapampando kukawaonetsa zimene talemba. Anawerenga masamba awiri oyamba mwakachetechete, n'kufunsa: "Alembi, ndiye mukuti ndiziwakaniza anthu malo a makolo awo?"

"Iyayi mfumu. Tikuti pochitira umboni, muziwapatsa kabukuka, ndipo njira ya madzi izilembedwa m'kalata yogulitsirana malo ngati mmene mumalembera njira ya anthu."

Anati aganizire ndi nduna zawo. Koma anatiuza chinthu chimene sindinachipeze m'buku lililonse: maina a makwawa atatu amene anakwiriridwa, ndi nyumba zimene zinakhala pamwamba pake. Tawaika pamapu.

Kumapeto kwa Seputembala

Zamangidwe. Apa mabuku a pa TH ndi malipoti a mabungwe agwirizana bwino ndi zimene amisiri akudziwa kale. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma ndi mabungwe anatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, okhala ndi zithunzi zambiri, ndipo ndi amene ndikutsamira kwambiri. Nyumba zambiri zimene zimagwa ndi mvula sizigwa chifukwa cha denga. Madzi amaima m'munsi mwa khoma, dothi lomangira limafewa, khoma n'kukhala pansi. Mankhwala ake ndi odziwika: maziko okwera kuposa bwalo, amiyala kapena a njerwa zomangira simenti, pepala la pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma, khonde lozungulira lotsetsereka kunja, ndi denga lotulukira kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Pa njerwa tatsutsana. Malamulo a 2018 a National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Aliyense woyang'ana phiri la Zomba, ndi la Chinamwali ndi la Sadzi, akudziwa kumene nkhuni za mauvuni ndi makala zikuchokera, ndipo phiri likameteka madzi amatsika mwaliwiro. Mabuku amayamikira mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, cha m'ma 5 mpaka 10 peresenti, otsindiridwa ndi makina n'kumathiriridwa madzi pamthunzi mpaka atakhwima, osaotcha. Mmisiri wa m'komiti mwathu sanatsutse kulimba kwake. Anati: "Achimwene, njerwa munthu amaumba yekha ndi chikombole, pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka. Makinawo ali kuti? Simenti agula ndi chiyani?" Ali ndi mfundo, ndipo nkhani zingapo zimene tawerenga zikunena zomwezo. Tagwirizana kuti kabukuka kasanyoze munthu wa njerwa zootcha kapena wa zidina. Kanene kuti ngati simenti ndi ya matumba ochepa, ipite kumaziko ndi mizere yoyamba ya khoma. Za makina tiziika m'pempho lina, loti gulu ligule amodzi obwerekana.

Tsamba limene komiti yalikonda kwambiri ndi la masamu a denga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 60, pa mvula ya mamilimita 50, limatsitsa malita 3,000, omwe ndi migolo 15 ya malita 200. Pamalata pafupifupi madzi onse amatsika, pamene pamalo a udzu ndi mitengo ambiri amalowa pansi. Nyumba 100 zoterezi ndi malita 300,000 olowa m'kanjira kamodzi. Wapampando atamva anati nambala imeneyi ikhale pachikuto. Pansi pake tikufotokoza za magatala ndi thanki kapena mgolo, dzenje la miyala lomwetsa madzi lotalikirana ndi maziko ndi chimbudzi, mizere ya vetiva yopingasa mtunda, ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje. Pamtunda wotsetsereka kwambiri dzenje lomwetsa madzi sitikulilimbikitsa, chifukwa nthaka ikakhuta madzi ndi pamene imagumuka.

Sabata yachiwiri ya Okutobala

Mapu atha. Mnyamatayo anatenga maziko ake pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, n'kuyerekeza ndi zithunzi zakale za pa Google Earth, zomwe zikuonetsa bwino madenga akuchulukana chaka ndi chaka. Anajambula mu QGIS, pulogalamu yaulere. Kenako tinayenda dera lonse ndi amayi a m'komiti, iwo akuloza pamene madzi anafika nthawi ya Freddy, ife tikulemba pafoni. Pamakoma ena mzere wa matope ukuonekabe. Malo awiri amene kompyuta inati madzi amadutsa, amayiwo anakana, ndipo titapita tinapeza mpanda wa njerwa umene unawakhotetsera kwa oyandikana nawo. Tatsata amayiwo.

Kabuku kafika masamba 16. Atatu a malamulo ndi olemera, ndiwafupikitsa akhale limodzi. Zithunzi akujambula mphunzitsi wina wa pulayimale, ndipo watsala ndi cha maziko ndi cha dzuwa. Pempho la ngalande likudikira manambala a mvula. Kukula kwa ngalande kumawerengedwa kuchokera ku mvula yamphamvu ya nthawi yochepa, kukula kwa malo otsetserekera mmenemo, ndi kuchuluka kwa malata ndi simenti pamalopo, ndiye chiwerengero cha mvula ya chaka chonse sichikwanira. Talembera nthambi yoona zanyengo ku Blantyre kupempha za tsiku ndi tsiku, ndipo mphunzitsi wa mnyamatayo walonjeza kuona masamu athu tisanapereke.

A mfumu atumiza uthenga kuti avomera kuyesa mawu a njira ya madzi m'makalata a malo, kuyambira ndi mapuloti a kumunsi kwa tchalitchi. Lachisanu ndibwerera ku Chirunga kukamaliza kafukufuku wina wa zimbudzi zokumba ndi zitsime za m'mbali mwa Likangala, chifukwa tsamba la mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime likadali lopanda kanthu. Msonkhano wa dera ndi Lamlungu lomaliza la mwezi uno, ndipo fotokope ya makope 50 oyamba msungichuma wati ndalama yake ilipo.